Jakisoni amene anachotsedwa pa ndondomeko: nkhani ya IL-12 ya mu 1995

Mu Juni 1995, ku United States, kafukufuku wa mankhwala atsopano a khansa ya impso anaimitsidwa mwadzidzidzi. Odwala 17 anali atalandira interleukin-12 yopangidwa m'labotale, imene mwachidule timangoti IL-12. Mwa anthu amenewa, 12 anagonekedwa m'chipatala ndipo awiri anamwalira. Ena analephera kupitirira majakisoni awiri otsatizana. Chodabwitsa chinali chakuti mlingo sunasinthe: ma nanogram 500 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, womwewo umene kafukufuku wam'mbuyo anali atasonyeza kuti anthu amaupirira. Kwa munthu wolemera makilogalamu 70, amenewa ndi ma microgram 35 patsiku, ufa wosakwana n'kanjere kamodzi komwe ka mchere.

Lipotili talembera makamaka anzathu amene amagwira ma cytokine (mapuloteni a gulu la IL-12) opangidwa m'labotale tsiku ndi tsiku, kaya m'mbale za maselo kapena m'makola a mbewa. Chimene chinagwera odwala aja chimachitikanso pa benchi, kungoti kumeneko sichipha munthu. Chimawononga ntchito ya miyezi yambiri, ndipo kawirikawiri mlandu umagwera kabotolo kosalakwa.

Puloteniyo

IL-12 ili m'gulu la ma cytokine, mapuloteni amene asilikali a m'thupi amaitanirana nawo pakabuka nkhondo. Ma macrophage ndi ma dendritic cell, maselo a chitetezo amene amameza tizilombo, akakumana ndi tizilombo, makamaka tobisala m'kati mwa maselo ngati ta TB, amatulutsa IL-12. Iyo imakagwira pa asilikali ena otchedwa maselo a NK ndi a T, ndipo maselowo amayankha potulutsa interferon-gamma, IFN-γ. IFN-γ ndiyo imakoleza moto weniweniwo. Imadzutsa ma macrophage kuti aphe zimene ameza, imathandiza maselo a T kuzindikira selo lodwala, komanso imalepheretsa chotupa kumeretsa mitsempha yatsopano ya magazi. Nkhani yonse yagona pamenepa: zambiri zimene IL-12 imachita m'thupi, zabwino ndi zoipa zomwe, imazichita kudzera mwa IFN-γ.

Inatulukiridwa mu 1989 ku Wistar Institute mu mzinda wa Philadelphia, mogwirizana ndi kampani ya Genetics Institute ya ku Cambridge, Massachusetts, ndipo ankaitchula kuti NKSF. Chaka chotsatira, gulu lina la ku Hoffmann-La Roche linaipezanso palokha n'kuitcha CLMF. Sipanatenge nthawi kuti zidziwike kuti onse awiri anagwira chinthu chimodzi.

Kapangidwe kake kali ndi kanthu kofunika kwa aliyense woigula. IL-12 si chingwe chimodzi ayi. Ndi zigawo ziwiri, p35 ndi p40, zochokera ku majini awiri osiyana, zolumikizidwa ndi mlatho wa disulfide. Zikalumikizana ndiye p70, ndipo p70 yokhayo ndiyo imachititsa maselo kutulutsa IFN-γ. N'chifukwa chake sakonda kuipangira mu bakiteriya wa E. coli ngati mmene amachitira ndi ma cytokine ena monga IL-2 kapena TNF-α. Amaipangira m'maselo a CHO (a hamster) kapena HEK293 (a munthu), apo ayi m'maselo a Sf21. Owerenga amene amalima chimanga adziwe kuti Sf ameneyu ndi Spodoptera frugiperda, ntchemberezandonda yomwe ija inasakaza minda mu 2017.

Pofika 1993, IL-12 inali itasonyeza mphamvu yaikulu pa zotupa zosiyanasiyana za mbewa. Chiyembekezo chinakula chifukwa FDA, bungwe lovomereza mankhwala ku United States, inali itangovomereza IL-2 mu 1992 ngati mankhwala a khansa ya impso yofalikira, ndipo IL-2 ndi yozunza kwabasi. Amaibaya maola 8 alionse, ma IU 600,000 pa kilogalamu, omwe ndi ma microgram 37 pa kilogalamu, ndipo odwala ambiri amafunika kuyang'aniridwa usana ndi usiku. IL-12 inkaoneka ngati ingagwire ntchito yofananayo ndi mlingo wocheperako nthawi zoposa 70.

Gawo loyamba: zinthu zikuyenda bwino

M'kafukufuku wa gawo loyamba, lofufuza mlingo umene anthu angapirire, munalowa odwala 40 a khansa yofika patali. Theka lawo anali a khansa ya impso, 12 anali a melanoma (khansa ya pakhungu), otsalawo anali a khansa zina. Mlingo unkakwera gulu ndi gulu, kuchokera pa 3 ng/kg mpaka 1000 ng/kg, ndipo ankabaya mumtsempha. Ndondomeko yake tiione bwino, chifukwa ndi imene idzabwerenso kutsogoloku. Wodwala ankalandira jakisoni mmodzi wongoyesera ali m'chipatala. Kenako ankapuma masiku 14. Akatha masiku amenewa ankayamba kubayidwa tsiku lililonse kwa masiku asanu otsatizana, akuchokera kunyumba, ndipo zimenezi zinkabwerezedwa masabata atatu alionse.

Jakisoni woyambayo cholinga chake chinali kuyeza. Ankafuna kuona mmene thupi likulandirira mlingo umodzi komanso nthawi imene puloteniyo ikukhala m'magazi. Anapeza kuti theka lake limatha pakapita maola a pakati pa 5.3 ndi 9.6, nthawi yotalikirapo ndithu poyerekeza ndi IL-2.

Mavuto analipo koma anali odziwika: kutentha thupi ndi kunjenjemera, kutopa, nseru, mutu, kuchepa kwa magazi, kutsika kwa maselo oyera ndi ma platelet, kukwera kwa shuga. Ma lymphocyte ankatsika pa mlingo uliwonse n'kubwereranso patapita masiku ochepa. Pa 1000 ng/kg, odwala atatu mwa anayi anapezeka ndi mavuto oletsa kupitiriza, makamaka zilonda za m'kamwa ndi kukwera kwa ma enzyme a chiwindi. Choncho 500 ng/kg ndiwo unalembedwa kuti mlingo wapamwamba umene munthu angapirire. Wodwala mmodzi wa khansa ya impso chotupa chinachepa, wina wa melanoma chinazimiririka kwa kanthawi. Zinali zokwanira kuti apite ku gawo lachiwiri.

Gawo lachiwiri: chimene chinasintha

Gawo lachiwiri linayamba mu 1995 pa odwala khansa ya impso. Mlingo unali womwewo, njira yobayira yomweyo, masiku asanu otsatizana omwewo. Chimene chinachotsedwa ndi jakisoni wongoyesera uja pamodzi ndi masiku 14 opuma.

N'zosavuta kumvetsa mmene kusinthaku kunadutsira popanda wokuwa. Ntchito yoyeza inali itatha kale m'gawo loyamba. Munthu wa khansa yofalikira kumudikiritsa masabata awiri atangolandira kajakisoni kamodzi kunalibe phindu looneka. Ndipo kuwerengera kwake, kuchotsa jakisoni mmodzi kumachepetsa mankhwala amene wodwala akulandira. Amene anazolowera mankhwala wamba amadziwa kuti ukachepetsa mlingo wonse, poizoni amachepanso. Palibe chimene chinkaoneka choopsa.

Zizindikiro sizinadikire kuti sabata ithe. M'masiku oyambirira omwewo odwala anayamba kufooka kwambiri, kubanika, kutuluka zilonda m'kamwa. Maselo oyera ndi ma platelet anagwa, chiwindi chinasokonekera, ndipo matumbo nawo anakhudzidwa. Mavuto ambiri anali a mtundu umene unaonekapo kale m'gawo loyamba, koma tsopano anabwera msanga, mwamphamvu, ndiponso m'ziwalo zingapo nthawi imodzi. Poti odwala angapo anayamba kulandira mankhwalawa m'nthawi yoyandikana, pamene chithunzi chinkadzaoneka bwino, anthu 17 anali atabayidwa kale. Kampani ya Genetics Institute inaimitsa kafukufukuyo ndipo FDA inaletsa kubaya anthu IL-12 imeneyi mpaka chifukwa chake chitadziwika.

Apa pali phunziro loyamba, ndipo ndi la kayendetsedwe ka ntchito. Ndondomeko ikasintha, ngakhale pang'ono, woyamba kulandira ayenera kumaliza ulendo wonse ena asanayambe. Pa mbewa n'chimodzimodzi: ziwiri kapena zitatu ziyambe, zinazo zidikire.

Kufufuza: kabotolo, odwala, kenako kalendala

Woganiziridwa woyamba anali mankhwalawo, ndipo mmenemo ndi mmene ziyenera kukhalira. Puloteni yopangidwa m'maselo amoyo imatha kusiyana loti ndi loti (loti ndi mankhwala opangidwa ulendo umodzi), ndipo pali njira zambiri zimene kabotolo kangasanduke koopsa dzina lake lisanasinthe. Kufufuza kwa mtundu umenewu kumayankha mafunso angapo.

Loyamba ndi la kuchuluka. Kodi m'kabotolomo muli ma microgram amene alembedwa panjapo? Ma cytokine akasungunulidwa kwambiri amamatirira ku galasi ndi ku pulasitiki, moti popanda albumin yowatchinga, gawo lalikulu limatha kutsalira m'syringe kapena m'chubu. Kusintha madzi osungunulira kokha kungapangitse kuti mlingo wofika m'thupi ukwere, pa pepala usanasinthe.

Lachiwiri ndi la maonekedwe a puloteniyo. Pa SDS-PAGE (njira yosiyanitsa mapuloteni malinga ndi kukula kwawo) yopanda chodulira milatho ya disulfide muyenera kuona mzere umodzi cha m'ma 70 mpaka 75 kDa. Mukathira chodulira monga DTT, mzerewo umagawika pawiri, cha m'ma 35 ndi 40 kDa. Mukaona p40 yambiri yoyenda yokha, dziwani kuti kulemera kwa ufawo sikukuuzani mphamvu yake. Zibuluma za mapuloteni omatana zimaoneka pa size-exclusion chromatography.

Lachitatu ndi la mphamvu, ndipo limayankhidwa ndi maselo amoyo basi. Mumatenga maselo a T amene mwawadzutsa ndi PHA (puloteni yochokera ku nyemba) kwa masiku atatu kapena anayi, n'kuwathira loti yakale ndi yatsopano pa mbale imodzi, tsiku limodzi, milingo yotsika pang'onopang'ono, kenako n'kuyerekeza ED50, mlingo umene umapereka theka la yankho lonse la maselowo.

Lachinayi ndi la zonyansa, makamaka endotoxin (LPS), poizoni wochokera ku mabakiteriya, imene timayeza ndi njira ya LAL n'kuiwerenga m'ma EU. Pa IL-12 woganiziridwa ameneyu ndi wofooka, ndipo masamu ake ndi achidule. Ngakhale loti itakhala ndi EU imodzi pa microgram iliyonse, ma microgram 35 angabweretse ma EU 35, pamene malire a mankhwala obaya mumtsempha ndi ma EU 5 pa kilogalamu pa ola, omwe ndi 350 kwa munthu wa makilogalamu 70.

Ofufuza a nkhaniyi anayerekeza mankhwala a magawo awiriwa ndipo sanapeze kusiyana kumene kukanafotokoza zimene zinachitikazo. Anatembenukira kwa odwala, poganiza kuti mwina a gawo lachiwiri anali ofookerapo kapena osiyana mwa njira ina. Kumenekonso sanapeze kanthu. Tikumbukire kuti theka la odwala a gawo loyamba analinso a khansa ya impso, choncho matendawo paokha sakanakhala chifukwa.

Mphambano ya nkhaniyi ili apa. Kabotolo ndi odwala atapezeka osalakwa, panatsala chinthu chimodzi chokha chosiyana, chimene aliyense ankachiona ngati chosafunika. Anayerekeza IFN-γ ya m'magazi a magulu awiriwa. Odwala amene analandira jakisoni wongoyesera masabata awiri m'mbuyo ankatulutsa IFN-γ yochepa kwambiri pa masiku asanu aja kusiyana ndi amene anayamba masiku asanuwo mwachindunji. Jakisoni amene ankatchedwa wongoyesera anali akuteteza odwala nthawi yonseyi, popanda wodziwa.

Tanthauzo lake n'lakuti 500 ng/kg sunali mlingo umene munthu aliyense angapirire masiku asanu. Unali mlingo umene munthu wozoloweretsedwa kale angapirire. Gawo loyamba linayesa zinthu ziwiri: jakisoni mmodzi pa thupi losakumanapo ndi IL-12 yobayidwa, ndi majakisoni asanu pa thupi lokumanapo nayo kale. Majakisoni asanu pa thupi losakumanapo nayo anali asanayesedwepo pa munthu aliyense m'kafukufukuyo. Gawo lachiwiri linachita zimenezi koyamba, ndipo linayambira pa mlingo wapamwamba.

Kutsimikizira pa nyama

Kuyerekeza magulu awiri a odwala kumangoloza njira, sikutsimikizira. Choncho anabwerera ku nyama. Mbewa zina anazibaya IL-12 tsiku ndi tsiku mwachindunji, zina anayamba wazibaya kamodzi n'kudikira asanayambe za tsiku ndi tsiku. Zimene zinalandira jakisoni woyambirirayo zinapulumuka ndipo IFN-γ yawo inali yotsika. Anachitanso chimodzimodzi pa apusi a mtundu wa cynomolgus, zotsatira n'kufanana. Lipoti lonse linatuluka mu 1997 m'magazini ya Blood.

Kamfundo kamene ambiri amakaphonya: pa mbewa muyenera kugwiritsa ntchito IL-12 ya mbewa. IL-12 ya munthu sigwira pa maselo a mbewa, ngakhale ya mbewa imagwira pa maselo a munthu. Kabotolo kamene kanabayidwa odwala sikakanayesedwa poizoni wake pa mbewa, n'chifukwa chake apusi anali ofunika. Komanso mbewa imapirira zambiri. Microgram imodzi patsiku, mlingo wofala m'kafukufuku wa zotupa nthawi imeneyo, pa mbewa ya magalamu 20 ndi ma microgram 50 pa kilogalamu, nthawi 100 kuposa zimene zinagoneka anthu m'chipatala.

Chifukwa chake zinatero

Tiwerengere pang'ono. Ngati theka la IL-12 limatha m'maola 9.6, pakatha maola 24 m'magazi mumatsala pafupifupi magawo 18 pa 100 alionse. Ngati limatha m'maola 5.3, mumatsala magawo anayi okha. Ndiye kuti kubaya tsiku ndi tsiku sikuunjika puloteni yochuluka yoti n'kufotokoza poizoni wotere. Nanga masiku 14? Amenewa ndi maola 336, theka kutha maulendo 35 kapena kuposa. Pofika tsiku loyamba la masiku asanu aja, m'thupi munalibe kalikonse kotsala ka jakisoni wongoyesera. Chimene chinatsala ndi kusintha kwa maselo enieniwo.

Pa thupi losazolowera, IL-12 ndi IFN-γ zimakolezerana. Selo la T lopuma lili ndi zolandirira za IL-12 zochepa, makamaka gawo lotchedwa IL-12Rβ2. IL-12 ndi IFN-γ zimachulukitsa gawo limeneli, moti jakisoni wachiwiri amapeza maselo omva bwino kuposa dzulo. IFN-γ imakonzekeretsanso ma monocyte ndi ma macrophage kuti atulutse IL-12 yawoyawo pamodzi ndi ma cytokine ena. Mlingo wa tsiku lachiwiri ndi wofanana ndi wa tsiku loyamba m'syringe mokha. Kafukufuku wa pa mbewa anasonyezanso kuti mukatchinga IFN-γ kapena kuchotsa cholandirira chake, mavuto ambiri a chiwindi ndi a magazi amachepa.

Koma thupi lili ndi mabuleki, ndipo mabulekiwo amachedwa kugwira kusiyana ndi motowo. Odwala amene analandira IL-12 mobwerezabwereza m'kafukufuku wa zaka zotsatira, IFN-γ yawo inkatsikiratsikira jakisoni ndi jakisoni pamene IL-10, cytokine yoziziritsa, inkapitirizabe kutuluka. M'kati mwa selo, uthenga wa IL-12 umadutsa pa JAK2, TYK2 ndi STAT4, ndipo m'maselo a m'mbale zinaoneka kuti STAT4 yodzutsidwa imaphwanyidwa selo likakhalitsa mu IL-12. Jakisoni mmodzi ndi masiku 14 opuma zinkapatsa mabulekiwa nthawi yoti agwire. Majakisoni asanu otsatizana ankathira mafuta pa moto mabuleki asanafike.

Zimene zinatsatira

Chifukwa chitadziwika, kafukufuku wa IL-12 anayambiranso ndi ndondomeko zina: kubwezeretsa jakisoni woyambirira, kubaya pansi pa khungu m'malo mwa mumtsempha, kubaya kamodzi kapena kawiri pa sabata, kukweza mlingo pang'onopang'ono mwa wodwala mmodzi. Ngozi yonga ija sinabwerezedwe.

Koma chitetezocho chinali ndi mtengo wake, ndipo ndi mtengo umene suzembeka. IFN-γ imene imadwalitsa wodwala ndi yomweyo imene imamenya chotupa. Mukaiziziritsa kuti munthu apirire, mwachepetsanso mphamvu ya mankhwala. Pa khansa ya impso ndi melanoma, odwala amene anathandizidwa anali ochepa zedi. Zotsatira zabwinopo zinaoneka pa lymphoma ya maselo a T ya pakhungu ndi pa Kaposi sarcoma ya anthu amene ali ndi HIV, khansa imene madokotala a ku Malawi ndi Zambia amaidziwa bwino kwambiri. Komabe IL-12 sinavomerezedwe ngati mankhwala mpaka pano. Ofufuza ambiri anasiya kuithira m'magazi a thupi lonse. Akuyesa kuifikitsa m'chotupa mwenimwenimo, kudzera mu plasmid, ma virus, mRNA, kapena poilumikiza ku antibody yolondola chotupacho.

Kumene cholakwika chomwechi chimabisala pa benchi

Tikanena kuti tinathira IL-12 pa 10 ng/ml, timaganiza kuti tafotokoza zonse. Sitinanene chimene maselowo anakumana nacho tisanawathire, ndipo kawirikawiri kusiyana kwa zotsatira za labotale ziwiri kumachokera kumeneko.

Taonani maselo a T ongotuluka kumene m'magazi. Mukawathira IL-12 yokha, IFN-γ imatuluka yochepa, ndipo wophunzira watsopano amathamangira kunena kuti kabotolo kafa. Sikanafe. Maselowo alibe IL-12Rβ2 yokwanira mpaka mutawadzutsa ndi PHA kapena anti-CD3 ndi anti-CD28. Maselo a NK-92, omwe ndi maselo a NK okulitsidwa m'labotale, amakulira mu IL-2, ndipo IL-2 imakweza mayankho awo ku IL-12. Labotale imene imawatsuka n'kuwasiya usiku wonse opanda IL-2 isanayese, ndi ina imene imangowatunga m'flasiki, zidzapeza ED50 yosiyana pa loti imodzimodziyo.

Ndipo kukumana ndi cytokine kale sikuti kumangoziziritsa nthawi zonse. Maselo a NK a munthu akaikidwa mu IL-12 ya 10 ng/ml, IL-18 ya 50 ng/ml ndi IL-15 kwa maola 16, n'kutsukidwa, n'kupumitsidwa sabata imodzi mu IL-15 yochepa, amatulutsa IFN-γ yochuluka kuposa anzawo mukawadzutsanso. Cytokine yomweyo imene inaziziritsa odwala aja, ikaphatikizidwa ndi zina m'mbale imasiya maselo akuthwa. Choncho simungalote kuti kusintha ndondomeko kupita mbali iti. Muyenera kuyeza.

Kwa amene timagwira magazi a anthu a kuno kwathu, nkhaniyi ndi yatsiku ndi tsiku. Wopereka magazi amene anadwala malungo mwezi watha, amene ali ndi TB yobisika, kapena amene wangoyamba ma ARV, maselo ake a NK ndi a T anakumana kale ndi IL-12 ndi IL-10 za m'thupi mwake momwemo. Fomu yolembera opereka magazi ikhale ndi malo a zimenezi, ndipo poyerekeza maloti awiri gwiritsani ntchito ma PBMC (maselo oyera olekanitsidwa m'magazi) a munthu mmodzi, otengedwa tsiku limodzi, ogawidwa m'timachubu tambiri n'kuumitsidwa ndi kuzizira.

Pa mbewa, msampha wofala ndi kubwereza nyama. Mbewa zimene munazibaya kamodzi mwezi watha poyesa ngati loti yatsopano ikugwira si zatsopanonso, ngakhale zikuoneka zathanzi. Mukatengera pa izo mlingo wopiririka n'kukaubaya mbewa zongofika kumene, mwabwereza ndendende zimene zinachitika mu 1995. Ngati mukufupikitsa ndondomeko imene munaipeza kwa ena, chitani kayesedwe kakang'ono kolumikiza ka magulu anayi: lobayidwa tsiku ndi tsiku mwachindunji, lolandira jakisoni woyambirira kenako za tsiku ndi tsiku, lolandira woyambirira yekha, ndi lolandira madzi osungunulira okha ali ndi albumin yake. Yambirani pa mlingo wotsika, osati umene wina anaulemba kuti ndi wapamwamba. Pimani mbewa pa sikelo tsiku lililonse, ndipo malire oimitsira, amene nthawi zambiri amakhala kutaya magawo 20 pa 100 a kulemera, alembedwe musanayambe. IFN-γ muyeze pambuyo pa jakisoni woyamba, wachiwiri ndi wachitatu. Mukangoyeza pamapeto mudzapeza itatsika kale, n'kuganiza kuti sinakwerepo.

Izi sizikutanthauza kuti kabotolo musamakaganizire. Kaganizireni poyamba, monga anachitira ofufuza aja, chifukwa kuyeza kwake n'kofulumira. Kazungulitseni pa centrifuge musanatsegule kuti ufa utsike pansi. Sungunulani pa 100 µg/ml mu PBS yokhala ndi albumin ya 0.1 peresenti, osapukusa pa vortex. Gawani m'timachubu toti kalikonse kathe tsiku limodzi, sungani pa −80 °C, ndipo kamene kasungunuka kasabwererenso mufiriza. Kumene magetsi amathimathima, ikani kachipangizo kolemba kutentha m'kati mwa firiza, chifukwa kusungunuka kwa usiku kumene palibe anakuona n'kumene kumapha puloteni. Pa endotoxin, werengerani mlingo umene mukuthira: EU imodzi pa microgram, pa 10 ng/ml, imapereka 0.01 EU/ml, pafupifupi picogram imodzi ya LPS pa mililita, imene siingachite zambiri. Puloteni yothiridwa pa 10 µg/ml yokhala ndi chiwerengero chomwecho imabweretsa pafupifupi nanogram yathunthu pa mililita, yokwanira kudzutsa ma monocyte onse m'mbale. Kuti mutsimikize kuti chimene mukuona ndi cha IL-12, ikani chitsime china chokhala ndi antibody yoitchinga, china chokhala ndi polymyxin B ya 10 µg/ml, yotchinga endotoxin. Ndipo poyeza IL-12 ndi ELISA, onetsetsani kuti ikuwerenga p70. Kuyambira mu 2000 tikudziwa kuti p40 imapezekanso mu IL-23, choncho ELISA ya p40 imawerenga zonse ziwiri pamodzi ndi p40 yoyenda yokha.

Zonsezi zikapezeka zili bwino koma zotsatira zikusiyanabe ndi za ulendo wapita, ikani ndondomeko ziwirizo pa tebulo limodzi, yakale ndi yatsopano, muziwerenge mzere ndi mzere. Musawerenge zimene zili m'gawo la njira la pepala lofalitsidwa, chifukwa mmenemo masitepe otchedwa ongoyesera, ongotsuka kapena ongopumitsa ndi amene amayamba kudulidwa malo akachepa. Werengani buku la pa benchi la amene anagwira ntchitoyo ndi manja ake, muone tsiku ndi ola limene maselo kapena nyamazo zinakumana ndi cytokine koyamba.